Sabata yathera pa DNS ya pa laputopu

Sabata ino ntchito inali imodzi basi, kuti dzina la webusaiti liziloza pa laputopu yanga osati ku seva yeniyeni. App yomwe tikupanga imapatsa kasitomala aliyense subdomain yake, nde kumangotsegula localhost:3000 sikumathandiza, ma cookie ndi ma login amafuna dzina.

Lolemba tinayamba ndi fayilo ya hosts monga amachitira aliyense. Pa Linux ndi Mac ili pa /etc/hosts, pa Windows inabisala ku C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts ndipo popanda admin siyilola kusevedwa. Umalemba 127.0.0.1 (adilesi yotanthauza kompyuta yako yomweyo) kenako dzina, kompyuta imayamba yaona mmenemo isanafunse kunja ku DNS, yomwe imasandutsa dzina kukhala adilesi ya IP. Koma fayiloyi wildcard (mzere umodzi wogwira maina onse) siyiidziwa, kasitomala watsopano ndi mzere watsopano, pa makina a aliyense mu timu, zotopetsa. Mnzanga wina mpaka anataya mmawa wonse akuti sizikutheka pomwe amayesera nslookup, kapulogalamu kofunsira IP ya dzina, chonsecho nslookup ndi dig zimathamangira ku seva ya DNS osawerenga hosts nkomwe, ndinangowauza kuti achimwene tayesani ping, pompo zinaoneka.

Lachiwiri tinakanganako za dzina. Abwana amafuna .dev poti ndi yomwe anazolowera kale, koma .dev pano ndi ya Google ndipo kuyambira 2017 Chrome imakakamiza HTTPS pa dzina lililonse lothera choncho. .local nayo ndi ya mDNS, ija yopezera ma printer pa netiweki. Tinatenga .test yomwe chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2606 chinaipatula mu 1999 kuti ikhale yoyesera.

Lachitatu ndi pomwe panali ntchito. Ndinaika dnsmasq, kaseva kakang'ono ka DNS, mzere wake umodzi wokha address=/test/127.0.0.1 ndipo chilichonse chothera .test chikubwera kwa iwe. Pa Mac zinali zofewa heve, kupanga fayilo /etc/resolver/test nkulembamo nameserver 127.0.0.1 kwatha. Pa Ubuntu ndiye dnsmasq inakana kudzuka akuti port 53, khomo la DNS, ili ndi mwini kale, mwini wakeyo ndi systemd-resolved, woyendetsa za DNS pa Ubuntu, amene amakhala pa 127.0.0.53. Ambiri amangomuzimitsa, ine zimenezo sindigwirizana nazo chifukwa mawa ukalumikiza VPN uzidabwa kuti intaneti yapita kuti. Bola kuuza dnsmasq listen-address=127.0.0.1 ndi bind-interfaces, kenako resolved nkumuuza kuti mafunso a ~test azipititsa kumeneko, onse akukhala mwamtendere.

Apa mpomwe abwana anafunsa kuti nanga bwanji dzina likugwira koma tsamba silikubwera. DNS ili ngati munthu wokulozera nyumba koma khomo lolowera sakuuza, imakupatsa IP yokha, za port 3000 sizimukhudza. Nde Lachinayi linathera pa nginx, seva ya webusaiti, kuti izimvera pa 80 ndi 443 (makomo a HTTP ndi HTTPS) nkumakankhira ku 3000 ndi proxy_pass, osaiwala proxy_set_header Host apo ayi app siyidziwa kuti wabwerayo ndi kasitomala uti. Setifiketi ya HTTPS tinapanga ndi pulogalamu ya mkcert, ndipo dziwani kuti ma browser sakhulupirira *.test, pamafunika dzina pakati ngati *.app.test.

Lachisanu amene amayesa app pa foni anabwera kuti iwonso akufuna. Apa 127.0.0.1 ndiyopanda ntchito chifukwa pa foni adilesi imeneyo ndi foniyo mwini wake, nde ndinasintha kuti dnsmasq iziyankha IP ya laputopu ya 192.168 ija ndipo izimveranso pa netiweki ya muofesi, pa rauta nkuimangirira IP-yo kuti DHCP, yomwe imagawa ma IP, isamaisinthe. Foni imodzi inakanabe mpaka tinapeza kuti Private DNS ya Android inali yoyatsa, mafunso onse amadutsa kwina osatiyang'ana nkomwe. Titazimitsa, nkuikamo rootCA.pem ya mkcert kuti foni ikhulupirire setifiketi yathu, tsamba linatseguka.

Watsala ndi mnzathu wa Windows poti dnsmasq siyiyenda kumeneko, pakadali pano akungogwiritsa DNS ya laputopu yanga, kutanthauza kuti ndikangotseka laputopu kupita kukadya iye ntchito yaima. Lolemba tikuisamutsira pa kakompyuta kena komwe sikazimitsidwa.