Mmene ndinakhwimitsira sefa pafoni ya mwana wanga kuti zolaula zisamadutse

Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 7, ali ndi zaka 11, ndipo aphunzitsi ake anayamba kumapereka ntchito yakunyumba yofunika kufufuza pa intaneti, ndiye ndinaona kuti bola ndimupatse foni yanga yakale ya Android kusiyana nkuti madzulo alionse tizilimbirana yangayi. Koma kumupatsa foni ili pululu osatseka kalikonse, abale, mtima unakana. Masiku ano munthu umalemba mawu osalakwa nkomwe nkukutulukira zithunzi zoti ngakhale iwe wamkulu umayamba wayang'ana kumbuyo ngati pali wakuona.

Poyambirira ndinapanga factory reset foniyo, zithunzi ndi manambala anga nditasamutsa kale. Izi musazidumphe, chifukwa foni ikakhala ndi akaunti ya Google ya munthu wamkulu imamutenga mwanayo ngati wamkulu basi. Kenako pafoni yanga ndinadawuniloda Family Link, app ya Google yaulere yothandiza kholo kuyang'anira foni ya mwana, nkumutsegulira mwanayo akaunti yakeyake. Apa pali poyeserapo, anthu ambiri timakonda kunamiza chaka chobadwa kuti zinthu ziyende msanga, koma ikani chaka chenicheni. Mwana wosakwana zaka 13 akaunti yake imakhala pansi pa kholo, ukangomukulitsa zaka ndiye kuti wadzichotsa wekha pa udindo. Nditalowetsa akauntiyo mufoni yake inandifunsa pasiwedi yanga kuti ndivomereze, mafoni awiriwo nkulumikizana. Pangani izi muli ndi bandulo yokwanira, ma update amadya data osati masewera.

Mu Family Link muli malo a Google Chrome pomwe amakupatsa zosankha zitatu, Allow all sites, Try to block explicit sites ndi Only allow approved sites. Ine ndinayamba ndi yomalizayo poganiza kuti yokhwima kwambiri ndiye yabwino, webusayiti iliyonse mwana aziyamba wapempha. Kwa mwana wa Sitandade 2 imeneyo ndi bho. Kwa wa Sitandade 7 amene akusaka za mitsinje ya m'Malawi muno ndi ziwalo za maluwa, foni yanga imangolira ndili kuntchito, pempho pamwamba pa pempho, mpaka umafika pomangodina Approve osawerenga nkomwe kuti ukuvomereza chani. Ndinabwerera pa yapakatiyo. Ubwino wina ndi woti pa akaunti ya mwana Incognito, njira ija yotsegulira mawebusayiti osasiya mbiri, sigwira, ndiye history yake imaoneka. Ndinayang'ananso SafeSearch pa Google Search kuti ili pa Filter osati Blur, chifukwa Blur imangophimba chithunzicho koma munthu akadina chimaonekabe. Mayina a menyu amasintha ndi ma update, musadabwe mukapeza zalembedwa mosiyana pang'ono.

Zitatha izi ndinadikira kuti ana agone, nkutenga foniyo nkuyamba kuyiyesa ndekha ngati ndine mnyamata wofuna kuona zoletsedwa. Apa ndi pomwe ndikufuna mukhalepo kwambiri, chifukwa ambiri timangoyatsa batani nkunena kuti zatheka. Mawebusayiti odziwika a zolaula aja anakana kutseguka, mawu achizungu onyansa sanatulutse kanthu, ndinasangalala. Koma nditayamba kulemba mawu a Chichewa amene achinyamata amayankhula pamsewu, zina zinayamba kudutsa, makamaka maulalo opita ku masamba a mchezo. Ndi zomveka, sefa imadziwa bwino chilankhulo chomwe chili ndi zolemba zambiri pa intaneti, chathuchi imangochidziwa pamwamba. Komanso pali mawebusayiti osakaniza, nkhani za mpira ndi ndale zili momwemo zolaula zili momwemo. X, yomwe kale inali Twitter, malamulo ake amalola zithunzi za akuluakulu, Reddit nayonso chimodzimodzi, ndiye sefa siingawatseke ngati mawebusayiti a zolaula. Ndinawalemba ndekha pa mndandanda wa Blocked sites, x.com, twitter.com, reddit.com, ndinaonjezeraponso a juga angapo poti ana a masiku ano kubetcha akukudziwa kuposa ife.

Kenako ndinatsegula ka browser kena kamene kanabwera kale mufonimo, kaja kotchuka ndi kusunga data. Zonse zomwe Chrome inakana, kameneko kanatsegula bwinobwino opanda kufunsa. Zomwe wasankha mu Family Link za mawebusayiti zimagwira pa Chrome, browser ina ili ndi njira yake. Ndinakabuloka mu Family Link momwemo pa mndandanda wa ma app, kanangosowa pa sikirini. Ndinapitanso pa Google Play nkuyika kuti app iliyonse, olo yaulere, iziyamba yandifunsa, nkuonetsetsa kuti Apps from unknown sources ndi yozimitsa. Yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa ana sadawuniloda ma app ndi bandulo, amangopatsana ndi Xender kapena Bluetooth pa buleki, ndiye browser ina kapena VPN, app yodutsitsa intaneti njira ina yolambalala sefa, ikhoza kulowa mufoni iwe osadziwa. VPN ikangolowa, zambiri zomwe wavutika nazozi zimagwa, choncho pempho lililonse lokhala ndi mawu oti VPN kapena proxy (nayonso ndi njira yolambalala sefa) ine ndimakana basi.

Chomwe chinathandiza zedi ndi Private DNS, ndipo ndi anthu ochepa amene ndawamva akuitchula. Foni ikamafuna kutsegula webusayiti imayamba yafunsa seva ina kuti dzina limeneli lili pa adiresi iti. Zili ngati kufunsa oitanira pa depoti kuti minibasi yakwakuti ili pati, ndiye pali ena amene ukawafunsa za malo oipa amangokuuza kuti kulibe minibasi yopita kumeneko. Kuyambira pa Android 9 ukhoza kusankha wekha seva yofunsako. Ndinalowa mu Settings, Network & internet, Private DNS, pa mafoni ena ili pa Connections kapena More connections, mukaisowa ingolembani DNS pa kagalasi kofufuzira kaja. Mumasankha Private DNS provider hostname nkulemba dzina. Cloudflare ili ndi yake ya mabanja yomwe inayamba mu 2020, family.cloudflare-dns.com, imatseka zolaula ndi mawebusayiti a ma virus. Ine ndinakhazikika pa ya CleanBrowsing, family-filter-dns.cleanbrowsing.org, chifukwa imapitirira pamenepo, imatsekanso mawebusayiti a VPN ndi proxy komanso osakaniza aja, nkukakamiza SafeSearch pa Google ndi Bing ndi Restricted Mode pa YouTube. Zonsezi nzaulere, zimagwira kaya foni ili pa data ya TNM, ya Airtel kapena pa WiFi, ndipo zimakhudza ma app ambiri osati Chrome yokha.

Lembani dzinalo mosamala, kachilembo kamodzi kakasokonekera foni imanena kuti Couldn't connect. Ndipo tsiku lina intaneti ikangofa pafoni ya mwana pomwe bandulo ilimo, yang'anani kaye pamenepo musanayambe kukalipira netiweki, chifukwa seva ija ikapanda kufikika foni siitsegula chilichonse. Dziwaninso kuti ma browser osunga data aja ena amakatenga tsamba kudzera pa makompyuta a kampani yawo nkukutumizira litapanikizidwa kale, ndiye DNS yanuyo siona nkomwe kuti kukutsegulidwa chani. Nchifukwa chake kubuloka browser inayo ndi kuyika DNS zimayenera kuyendera limodzi, chimodzi chokha sichikwanira. Vuto lina ndi loti Private DNS ili mu Settings poti mwana wochenjera akhoza kulowa nkuizimitsa, anzake akhoza kumuonetsa. Ine ndinangomuuza poyera kuti ndimayang'anamo, ndipo ndimayang'anadi.

Pa laputopu ya pakhomo sindinachedwepo, ndinangosintha DNS ya WiFi kuyika 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3 za Cloudflare, nkumupangira mwanayo user wake wopanda mphamvu za administrator. Amene muli ndi router ikani manambala omwewo mmenemo kuti aliyense wolumikiza adutsire pa sefa, ngakhale ma MiFi ena alibe poyikira.

Sefa imalakwitsanso mbali inayi, kutseka zabwinobwino. Mwanayu atafika pa mutu wa kutha msinkhu mu Life Skills, tsamba lina la zaumoyo linakana kutseguka chifukwa linali ndi mayina a ziwalo. Ndinalitsegula pafoni yanga, kuliwerenga, kuona kuti palibe choipa, nkuliyika pa Approved sites. Izi zimatheka ngati yatseka ndi Chrome. Ikakhala kuti yatseka ndi DNS yaulere ija mulibe mndandanda wanuwanu woti musinthe, ndiye tsamba lotero timangowerengera limodzi pafoni yanga. Kunena zoona zinandithandiza, nkhani imeneyi ndinkangoizengereza kuti ndidzaiyamba bwanji, mwina amalume ake ndi amene adzamuuze, koma inangoyamba yokha tili pa mkeka.

YouTube ndinamuyikira ya pansi pa Family Link, yomwe kholo limasankha msinkhu wa zoonera, YouTube Kids anaikana yekha kuti ndi ya makanda ndipo sindinamutsutse. TikTok ndi Facebook sindinalole, malamulo awo omwe amanena zaka 13. Amene ana anu ndi okulirapo ndipo ali pa TikTok kale, muli Family Pairing momwemo, mumalumikiza akaunti yanu ndi yake.

Pomwe sefa iliyonse imathera ndi pa WhatsApp. Mauthenga ake amakhala otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ndiye kanema woipa akabwera mu gulupu palibe DNS kapena Family Link yomwe ingamuone. Nayonso imafuna zaka 13, choncho za gulupu ya kalasi zimabwera pa nambala yanga ine nkumuonetsa. Kwa mchemwali wake wa Fomu 2 tinakhala pansi nkuzimitsa Media auto-download kuti zithunzi ndi mavidiyo zisamangolowa zokha mu gallery, nkusintha Groups pa Privacy kuti akhale My contacts, munthu wachilendo asamangomuponya mu gulupu. Izi zinapulumutsanso bandulo yake, ndiye sanavute.

Ndiye pali njira ina yomwe siifuna intaneti nkomwe. Kumsika kwathu kuli timashopu toberna nyimbo ndi mafilimu, mwana amapita ndi memory card ndi ka ndalama kochepa nkubwerako yodzadza, zomwe zayikidwamo akudziwa ndi woberna yekhayo. Kadi yomwe inali mufoni ya mwanayu ndinaichotsa, ndipo mwezi uliwonse ndimatsegula Files kuona mafoda a zolandira, ali pomwepo osati mobisa. Ndinamuuza kuti akaona chinthu chonyansa, kaya chatulukira chokha kaya mnzake wamuonetsa, andiuze ndipo foni sindimulanda, chifukwa mwana akadziwa kuti kunena ndi kutaya foni sanenanso. Ndinamusungiranso 116 mufonimo, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana yomwe a YONECO amayendetsa, kuti munthu wamkulu akamamutumizira zachilendo kapena kumupempha zithunzi ndipo akuopa kundiuza ine, akhale ndi poyimba. Zithunzi zolaula za ana ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, zoterozo osafowadira ku gulupu ati kuchenjeza anthu, pitani nazo kupolisi.

Panopa ndimati kumapeto kwa mwezi ndikamagula bandulo yake ndimayesanso mawu aja, kuona ngati Private DNS ikadalipo ndi kuyang'ana ngati update sinabweretse browser yatsopano, zapezekapo kale. Yatsala ndi foni ya mwana wa achimwene amene akubwera kudzakhala nafe holide ino, ameneyo ali ndi zaka 15 ndipo pa msinkhu umenewo Family Link imafuna iye mwini avomereze, ndiye ndawauza kale bambo ake kuti akambirane naye asanakwere basi.