Khofi wothira absinthe ku Môtiers

Sitima yochoka ku Neuchâtel imalowa m'chigwa cha Val-de-Travers motsata mtsinje wa Areuse, ndipo ola lisanathe umakhala watsika pa Môtiers. Ndi kamudzi ka zii ka ku Switzerland, kufupi ndi malire a France, koti sungakaganizire n'komwe kuti chigwa chake n'chimene chinabala absinthe, mowa waukali umene unaletsedwa m'dzikomo kwa zaka 95. Fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Couvet, mudzi woyandikana nawo, mu 1797, ndipo mu 1805 a Henri-Louis Pernod anakatsegula ina ku Pontarlier, kutsidya kwa malire.

Mlandu wa Jean Lanfray ndi umene unayatsa moto. Mu 1905 mlimiyu anapha mkazi wake ndi ana ake awiri ataledzera. Tsikulo anali atapapira wayini ndi brandy wambirimbiri, absinthe anamwa matambula awiri okha, koma chala chinaloza absinthe basi. Anthu a ku Switzerland anavota mu 1908 kuti mowawu uletsedwe, chiletso chinayamba mu 1910, France n'kutsatira mu 1915. Eni chigwa sanamvere. Anapitiriza kutcheza mobisa, ndipo ankausiya woyera ngati madzi, osaupatsa mtundu wake wobiriwira wa masiku onse, kuti usamaonekere. Chiletso chinachotsedwa pa 1 March 2005. Chondiseketsa n'chakuti Maison de l'Absinthe, nyumba yosungiramo mbiri ya mowawu yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili m'nyumba imene kale munali khoti lozenga milandu ya otcheza omwewo.

Kamwedwe ka kumeneko ndi ka madzi ozizira kwambiri, odontha pang'onopang'ono kuchokera pa kampopi, madzi kuchuluka katatu kapena kasanu kuposa mowa. Umangoona tambula ikusanduka ya mbuu. Chochititsa ndi mafuta a zitsamba zonunkhira za anise ndi fennel, omwe amasungunuka mu mowa waukali koma m'madzi amakana. Kuwawa kumachokera ku chitsamba cha Artemisia absinthium, mbale wake wa chija amapangira mankhwala a malungo a LA.

Ine koma nditatopa ndi kuyenda, mtima unali pa khofi. M'kanyumba kena komwera khofi ndinafunsa ngati ziwirizi zimasakanizika.

"Zimatheka," anatero mayi wogulitsa, "koma absinthe ndithira ndine."

Ndinawayang'anitsitsa manja. Anatcheza espresso kakapu kamodzi n'kukasiya kapumeko. M'kachitini kokhutchumulira anaponyamo ayisi wodzaza dzanja, supuni yaing'ono ya shuga wosungunula, khofi uja, kenaka absinthe wa 53 peresenti masupuni aang'ono awiri okha. Ndinati, "Mayi, wonjezeraniko pang'ono," iwo anangopukusa mutu, n'kutseka chitini. Anakhutchumula mpaka kunja kwa chitini kunachita mame, n'kusefera m'tambula yozizira. Pamwamba panakhala thovu lofiirira, lokhuthala ngati chala.

Mayiwo ankadziwa chimene ankachita. Fungo la anise limafika pamphuno tambula isanakhudze mlomo, kenaka khofi ndiye amadzaza m'kamwa, ndipo kuwawa kwa chitsamba chija kumabwera mochedwa, kukhosi, utameza kale. Anise amanyenga lilime kuti muli shuga wambiri, n'chifukwa chake supuni imodzi ija inakwana. Supuni yachitatu ya absinthe ikanapha khofi yense. Ndinalawanso wothira m'khofi wotentha, sanandisangalatse: nthunzi imanyamula ukali wa mowa n'kukubaya nawo m'mphuno, misozi lengelenge, kukoma kwa khofi osakumva.

Amene mungafikeko, pali njira yotchedwa Route de l'Absinthe yolumikiza Pontarlier ndi Noiraigue, mudzi wa m'chigwa chomwechi, yodutsa m'mafakitale aang'onoang'ono momwe mungalawe musanagule. Yambani mwadya kaye. Khofi amabisa ukali wa mowawu, moti umadzimva wamaso gwa pamene miyendo yayamba kale kulemera, ndipo ine kamtunda ka kusiteshoni ndinakayenda mosamala kuposa mmene ndinabwerera.