Ndowa zisanu ndi imodzi pa silabu

Nyumba yathu ku Chilomoni inaimira pa silabu. Titathira konkire ya pamwamba mu 2021, ndalama zinathera pomwepo, moti zitsulo za zipinda za m'mwamba zidakali njo m'makona kudikira. Pabwalo malo palibe, ndipo nkhuku za aneba sizisiya katsamba kalikonse kobiriwira. Ndiye chaka chatha mu Epulo ndinakweza matumba 12 a feteleza, aja a makilogalamu 50, n'kuyamba dimba pamwamba pa nyumba.

Kubzala sikunandivute kwenikweni. Dothi lofiira la kuno likauma limalimba ngati njerwa, choncho ndimasakaniza ndowa ziwiri za dothi lakuda, imodzi ya manyowa a nkhuku owolerana bwino, imodzi ya mankhusu a mpunga. Thumba ndimalipinda mpaka theka n'kuliboola pansi ndi msomali. Mbewu ya mpiru imamera m'masiku anayi kapena asanu, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi ndimawokera, mitengo inayi pa thumba. Manyowa akhale owoladi. Oyamba aja ndinathira aawisi, mbande zonse zinapsa.

Nkhani yonse ya dimba la pamwamba ndi madzi. Kumtundako kulibe mpopi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo iliyonse imakwera nane pa makwerero a matabwa. Mu Juni ndi Julayi zinali zosavuta: chiperoni chikaphimba phiri la Michiru, masamba amadzuka atanyowa kale, ndowa ziwiri zimafika masiku awiri. Repu anali ndi masamba otambalala kuposa chikhatho changa, ndipo mwezi wathunthu sindinagule ndiwo zamasamba kumsika.

Kenako kunabwera Okutobala. Silabu imatentha moti sungapondepo wopanda silipasi, ndipo kutenthako kumalowa m'thumba kuchokera pansi, mizu n'kumaphikika. Mphepo nayo kumtundako ilibe choitchinga. Ndinkathirira 6 koloko m'mawa, pofika 2 koloko masana repu yense wagona. Ndinawonjezera mpaka ndowa zisanu ndi imodzi patsiku, msana uli kuwawa, koma masamba ankafotabe. Zinkandipweteka mumtima, chifukwa madziwo ndi ogula, ndipo mpopi ukauma ndimachita kutunga mu dilamu yomwe timasungira ophikira.

Masiku omwewo amayi anabwera kuchokera ku Ntcheu. Iwo dimba lawo lili m'mphepete mwa dambo, komwe ukakumba kachitsime kofika m'chiuno madzi atuluka kale. Ndinawaletsa kukwera, koma sanamve. Anakwera pang'onopang'ono, chitenje atachimanga kolimba, n'kuima pambali kundiyang'ana ndikukhuthula ndowa. Kenako anapisa chala m'thumba limodzi mpaka chonse chinalowa, n'kuchitulutsa chili gwa, fumbi lokhalokha.

"Mwanawe, madzi akowa akupita kuti? Taona pansipo."

Ndinayang'ana. Madzi anali akuyenderera pa silabu kulowera ku paipi yotulutsira madzi. Dothi likauma kwambiri limakhwinyata n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi thumba, ndiye madzi amangotsetsereka m'mbali osafika pa mizu. Milungu itatu yonse ndinkathirira konkire.

Amayi anatola kamtengo, n'kutakasa dothi la pamwamba mosamala, n'kulikankhira m'mbali kutseka mpata uja. Anathira kapu imodzi yokha, n'kudikira mpaka madzi atalowa, n'kuthiranso ina. "Usamafulumire, dothi limamwa ngati mwana," anatero. Madzulo ake tinakamweta udzu wouma n'kuphimbira thumba lililonse, ndipo matumba onse tinawakweza pa njerwa ziwiriziwiri kuti asagunde silabu yotentha ija. Kuyambira pamenepo ndowa zitatu zimakwana. Pa tomato ndi kambuzi ndinawonjezera mabotolo a malita awiri obooledwa pa chitsekerero, ozikidwa chadodolido, kuti azidontha tsiku lonse. Madzi otsukira mpunga ndi masamba sititayanso, amakwera kumtunda. Ochapira zovala sindithirako, sopo wake amawononga dothi.

Njerwa zija zinathandizanso mvula itagwa mu Disembala, chifukwa matumba sanakhale m'madzi. Dothi lokokoloka linatseka paipi, madzi anaima, ndipo m'chipinda chogona denga linayamba kuoneka chinyontho. Mmisiri amene anatithirira silabu atabwera anandiuza kuti ndiike kasefa pakamwa pa paipi, komanso matumba ndiwandandalike pamwamba pa makoma ndi mabimu, osati pakati, chifukwa dothi lonyowa limalemera kwambiri. Amene mukufuna kuyamba, funsani kaye mmisiri wanu musanakweze thumba ngakhale limodzi.

Tsopano ndikudziwa zoyenera nyengo yake. Mpiru, repu ndi chainizi ndi za nthawi yozizira. Kukatentha ndimabzala bonongwe, therere ndi kambuzi. Nkhwani ndinasiya, ngakhale ndimaukonda ndi nsinjiro, chifukwa umamwa madzi a matumba atatu. Nsabwe za m'masamba ndimazithira madzi a masamba a nimu osinja.

Lero mpopi wauma tsiku lachitatu, ndipo dilamu yatsala pang'ono kufika pansi. Ndakweza ndowa imodzi yokha. Ndathirira therere, lomwe layamba maluwa achikasu, ndi mbande za bonongwe. Tomato adikire mawa.