Sikafu ya bambo a Tadala

Bambo a Tadala ndi a Dynamos, timu ya mpira ya ku Harare, mpaka m'mafupa. Akayamba kusimba za 1998, chaka chomwe DeMbare, dzina lina la Dynamos, inafika mu fainolo ya Africa n'kugonja kwa ASEC Mimosas, nsima imachita kuzizira m'mbale. Ndiye amayi a Mvano kwathu ku Mufakose atapangana kuti chisanu cha Juni chisanafike aliyense alukire mwamuna wake sikafu ya timu yake, ine ndinali woyamba kukweza mkono. Kuluka sindinkadziwa ngakhale pang'ono, koma ndani angaulule zimenezo amayi abusa ali pomwepo?

Mayi Phiri anandiphunzitsa Lachinayi lina titaweruka: kagwiridwe ka singano, kakolekedwe ka ulusi pachala, mizere khumi yabuluu, khumi yoyera. Katsekedwe kake anati tidzaona sabata yamawa. Sabata yamawayo iwo anapita kumaliro ku Chegutu.

Ndinaluka ndithu. Mukombi ndikuluka, pamzere wa madzi ndikuluka, ndiwo zinapserera kawiri. Loweruka madzulo ulusi wabuluu unatha, mawa lake kuli Dynamos ndi CAPS United, yomwe amaitcha Makepekepe, pa bwalo la Rufaro. Ndinadula kachidutswa n'kupatsa Tadala. "Thamanga, ukagule wofanana ndi uwu." Mwana anabwera kutada, magetsi atathima kale. Ndinayatsa kandulo n'kukhala pampasa. Pakandulo, abale, ulusi uliwonse umaoneka wabuluu.

Poti kutseka sindinkadziwa, ndinangopitiriza mpaka ulusi wonse unatha, tambala akulira kachiwiri. Kumapetoko ndinamanga mfundo ngati ya thumba la chimanga, n'kupindira chinthu chonsecho m'jumbo yakuda. Kulemera kwake ngati bulangete.

"Bambo a Tadala, musatsegule mpaka mukakhale pansi ku Rufaro. Anzanu akaone kuti muli ndi mkazi."

Iwo anamwetulira, n'kukwapatira jumbo ija.

Zotsatirazi ndinamva kwa a Banda oyandikana nafe, omwe pofotokoza ankagwira khoma chifukwa cha phwete. Akuti abambo anakakhala ku Vietnam, mbali ija ya ochemerera Dynamos okhaokha, kumene ngakhale wogulitsa mtedza savala zobiriwira. Anatulutsa nsonga yabuluu, anthu n'kuwomba m'manja. Anakulunga m'khosi kamodzi, kawiri, sikafu ikutulukabe. Kachitatu anakoka mwamphamvu, ndipo m'jumbomo munatuluka mamita awiri obiriwira ngati tanaposi wa kudimba. Mtundu wa CAPS United weniweni.

Akuti kunakhala zii. Kenako wina kumbuyo anakuwa m'Chishona kuti pakati pawo pali kazitape.

Abambo anayesa kulongosola kuti ndi mayi akunyumba, koma mnyamata wina anali atagwira kale mfundo yanga ija. Apa ndiye umbuli wanga unawapulumutsa. Mfundo inamasuka, abambo liwiro kutsika masitepe, sikafu ikusomphoka pambuyo pawo mzere ndi mzere. Mnyamata uja anatsala akukoka ulusi ngati akuwedza chambo. Pofika pageti, zobiriwira zonse zinali zitatsala m'bwalo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, nsapato imodzi palibe, m'khosi muli kasikafu kabuluu ndi koyera, kautali woyenera bwinobwino. Sanakalipe. Anangokhala pampando n'kunena motsitsa, "Mayi a Tadala, chaka chamawa mudzangondigulira chipewa."

Ndinaitana Tadala, ndolo zanga zikuchita kunjenjemera ndi mkwiyo.

"Iwe, m'sitolo muja munalibe magetsi? Sunaone kuti ulusiwo ndi wobiriwira?"

Mwana anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukanda simenti.

"Ndinaona, amayi."

"Nanga?"

"Wabuluu unalipo. Koma ine ndine wa Makepekepe."

Bambo ake anavula nsapato yotsala ija pang'onopang'ono, koma Tadala anali atadumpha kale mpanda wa a Banda.