Zikomo kwa amene munatinyamula sabata ya Kulamba

Ife a kagulu ka zisudzo ka ku Kapata tikuthokoza anthu amene munatithandiza kumapeto kwa sabata ya Kulamba, mwambo wa pachaka wa Achewa umene umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete. Ambiri a inu sitikudziwani ndi mayina omwe.

Lachisanu usiku tikuchita sewero ku Chipata, magetsi anathima nkhani ili pakati. Achimwene amene munayatsa nyali za galimoto yanu n'kuzilozetsa pabwalo, munatichotsa manyazi.

Loweruka m'mawa basi yathu inafera pamsewu wa Great East, ng'oma ndi zovala zathu zili mbwee m'mbali mwa msewu. Galimoto zambiri zinangodutsa, sitikuzida, tsiku limenelo aliyense amathamangira malo. Koma inu bambo a lole ya chimanga munaima, munatikweza mpaka ku Mkaika, ndipo munakana ngakhale ngwee imodzi. Chifukwa cha inu tinaona Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi, gule wamkulu fumbi lili koboo.

Amayi a ku Katete amene munatigoneka, n'kusoka mkanjo wa mfumu wa m'sewero lathu la Lamlungu usiku womwewo, Mulungu akuonjezereni. Mbale yanu ya ndiwo za chiwawa (masamba a maungu) tibweza Lachitatu.