Camaro yanga ya Z/28 yomwe sinali Z/28

Abale inu, ine kuno ku Indiana ndagwira ma double shift osamalira okalamba zaka 6, ndalama tikusunga zoti tikamalize nyumba ku Area 49, koma satana amadziwa pomugwirira munthu. Ine anandigwirira pa galimoto zakale.

Tsiku lina usiku ndili pa break ndikungoseweretsa foni, ndinaona pa intaneti Chevrolet Camaro ya 1969, yofiira ngati tomato wa ku Ntcheu, mizere iwiri yoyera pa boneti, pambali palembedwa Z/28, dzina la mtundu wapadera wa Camaro wothamanga kwambiri. Mtengo 19,000 dollars. Mtima unangoti phaa. Z/28 yeniyeni ya chaka chimenecho imagulidwa ndalama yoti ungamange nayo nyumba ndi mpanda womwe, ndiye m'malo modabwa kuti bwanji yatchipa chonchi, ine ndinangoti Mulungu wandikumbukira. Mwini wake anandiuza kuti inali ya malemu bambo ake ndipo ikumupatsa chisoni akamaiona, maso ake ofiira misozi ili lengelenge, mpaka ine ndi amene ndinayamba kumupepesa. Atailiza injini galasi la garaja linanjenjemera, basi mutu unasiya kugwira ntchito pompo. Ndinatenga za nyumba, ndinaonjezera za chipereganyu, mayi a kunyumba ndinawauza kuti iyi ndi investment.

Anangondiyang'ana nkuti, "Bambo a Chiko, chikomekome cha mkuyu." Sanamalize nkomwe mwambiwo, anapita kukatereka nsima.

Patatha masabata awiri ndinapita nayo ku chionetsero cha galimoto zakale, zija amachita Loweruka m'mawa pa parking, azungu achikulire atakhala pa mipando yopinda pafupi ndi galimoto zawo. Ndinavala magalasi akuda, boneti nditatsegula, foni ili pa video call ndi alamu anga ku Lilongwe kuti aone mmene tikukhalira kunja kuno. Kenako panabwera mdala wina wa ndevu zoyera, tochi m'manja, sanandipatse ndi moni yemwe. Anawerama pa windscreen mbali ya dalaivala pamene pali kachitsulo ka VIN, nambala ya ku fakitale yozindikiritsa galimoto, nkuwerenga mokweza, 1, 2, 3, 3, 7. Anakhala chete. Kenako anati "nice tribute".

Ine ndinati thank you sir, mpaka kumugwira chanza ndi manja awiri mwaulemu wa kwathu. Ndimaganiza akuyamikira, osadziwa kuti tribute ndi galimoto yongofanizira yeniyeni. Kumbuyo kwanga wina anatsamwa ndi khofi.

Mdalayo anandimvera chisoni nkuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa Standard 1. Akuti nambala yachitatu ija ikakhala 4 ndiye kuti galimoto inatuluka ku fakitale ndi V8, injini ya ma cylinder 8, ikakhala 3 inatuluka ndi injini ya ma cylinder 6, ya agogo yopitira ku tchalitchi. Z/28 iliyonse ya 1969 imayamba ndi 12437, yanga 12337, nambala imodzi yokha abale. Ine ndinati mwina analakwitsa polemba, iye osayankha, anangowalitsa tochi pa kachitsulo kena kokhomedwa kuseri kwa injini. Akuti zopangidwa ku Norwood, Ohio zambiri zili ndi code pamenepo, Z/28 imakhala X33 kapena X77, yanga inalembedwa X44, kutanthauza Camaro wamba yopanda chilichonse. Anapukuta girisi kutsogolo kwa injini ndi chala kufuna zilembo DZ, zomwe zimadindidwa pa injini ya Z/28 yotchedwa 302 imene Chevrolet anaipangira mpikisano wa galimoto wa Trans-Am, kunalibe DZ, akuti iyi ndi injini ina yotchedwa 350 ndipo mwina inachokera mu pickup. Anagona chagada pansi, munthu wamkulu ngati uja, kuwerenga mabawuti a difu yakumbuyo, anapeza 10 pomwe payenera kukhala 12.

Apa anthu anali atadzadza ngati pagwa ngozi, wina nkuponya nthabwala yoti mu 1969 anapanga ma Z/28 okwana 20,302 koma lero atsala ochuluka kuposa pamenepo. Onse anaseka, nanenso ndinaseka nawo kwinaku thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira.

Chomwe chinandimaliza ndi maginito. Anatulutsa kakang'ono m'thumba nkukaika pa chitseko, kanamata. Anakaika pamwamba pa tayala lakumbuyo, kanagwa pansi. Anayesanso, kanagwanso. Mbali yonse ija inali filler yokhayokha yopaka penti, chitsulo chinadyedwa kalekale ndi dzimbiri la mchere umene amathira m'misewu nthawi ya snow. Maginito aja anandipatsa kuti ndisunge, akuti ndidzawafuna.

Nthawi yonseyi foni ndinaiwala kudula. Ndinangomva mawu m'thumba la shati, "Alamu, ndiye kuti mwagula feki?" Pofika madzulo nkhani inali itafika kale kumudzi kwa apongozi.

Mwana wa malemu uja nambala yake siipezekanso. Ndinakafufuza mtengo wa zilembo za Z/28 zomata zija, sizikwana ndi ndalama ya shift imodzi yomwe. Galimoto ilipobe, imayenda bwinobwino ndipo phokoso lake ndimalikondabe, kungoti mayi a kunyumba anaipatsa dzina loti Nyumba, akafuna kupita kogula zinthu amati tiyeni tikwere Nyumba yathu ija.

Mwezi watha ndinati ndiwapepese, ndinawagulira kanekelesi ka golide, pa intaneti pomweponso. Anakalandira bwinobwino ndi manja awiri, nkunyamuka kupita pa fuliji pomwe anamatapo maginito a mdala aja. Pa galimoto anakana kumata, koma pa nekelesi anangoti kakaka.