Lipoti la ulendo wathu wa ku Monkey Bay

Loweruka lapitali, ife a nthambi ya bungwe la aphunzitsi pano pa boma la Mangochi tinapita ku Monkey Bay kukacheza ndi anzathu ogwira ntchito m'malo ogona alendo komanso alovi. Titadya nsima ya utaka, tinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba nkhani imene tinapitira: kodi mabungwe a apantchito azikwatirana ndi zipani?

Bambo wina amene anagwirapo ntchito ya zitsulo ku Joni ndiye analankhula nthawi yaitali. Anati COSATU, yomwe inayamba mu 1985 pophatikiza mabungwe a apantchito ku South Africa, ili pamgwirizano ndi chipani cha ANC pamodzi ndi chipani cha chikomyunizimu cha SACP. Koma m'katimo munali ena amaganizo a sosholizimu amene ankati boma lakondera eni chuma. Bungwe la ogwira ntchito za zitsulo la NUMSA litakana kuchitira ANC kampeni, linachotsedwa mu COSATU mu 2014, ndipo mu 2017 linathandiza kukhazikitsa mgwirizano wina wa mabungwe a apantchito wotchedwa SAFTU. Bamboyo ankafotokoza izi mtima ukumupweteka, chifukwa anthu amene ankaguba limodzi analekana.

Mayi wina wa m'gulu lathu sanagwirizane nazo zothawa ndale. Anatikumbutsa kuti a Chakufwa Chihana anali mlembi wamkulu wa SATUCC, mgwirizano wa mabungwe a apantchito a kummwera kwa Africa, pomwe ankamangidwa mu Epulo 1992, ndipo sitalaka ya ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mwezi wotsatira inagwedeza boma la chipani chimodzi. Akanakhala chete apantchito, mwina riferendamu ya 1993 ikanachedwa. Wina anamuyankha ndi za ku Zambia: a Frederick Chiluba anachoka ku ZCTU, mgwirizano wa mabungwe a apantchito m'dzikolo, n'kukhala pulezidenti mu 1991, koma m'nthawi yawo makampani a boma anagulitsidwa, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito.

Ine mtima wanga unali kwa alovi, amene anachedwa kutsegula pakamwa. Mlovi alibe kalata ya ntchito. Mwera ukaomba, kunyumba agona ndi njala, ndipo akavulala pa nyanja amadzionera yekha. Mmodzi anafunsa kuti, "Inu aphunzitsi mukakumana ndi andale, za ife mumazitchula?" Funsoli linandilasa, ndipo ndikuona kuti mgwirizano uyambire pamenepa, pakati pa wa malipiro a pamwezi ndi wodalira nsomba za tsikulo, tisanayambe kukamba za mitundu ya nsalu za zipani.

Tinagwirizana kulemba madandaulo athu papepala limodzi, kuti phungu aliyense wobwera kudzapempha voti azilipeza lomwelo. Anzathuwa adzabwera kuno mwezi wamawa, ndipo mayendedwe a alovi tisonkha ndife.